Mmene mungaphunzitsire kwaya nyimbo ya mawu anayi popanda zida

Kwaya yoyimba popanda zida ilibe potsamira. Pamene pali kiyibodi kapena gitala, woyimba amene wasokera amamva chidacho n'kubwerera m'chuni, koma pamene pali anthu okhaokha, aliyense amadalira khutu lake ndi mawu a mnzake amene wayima naye pafupi. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya mphunzitsi wa kwaya yotere ndi kuzoloweretsa anthu kumvetserana, ndipo mphamvu ya mawu imabwera pambuyo. Malangizo awa alembedwera munthu amene wapatsidwa gulu la anthu oyimba mongodzipereka, kaya ndi achinyamata a pampingo, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, kaya ana a sukulu, ndipo akufuna kuti nyimbo yatsopano ya sopulano, aluto, tena ndi besi ifike poyimbika pamaso pa anthu.

Kuyimba pagulu popanda zida si kwachilendo kuno, pakuti nyimbo za pamtondo ndi za pamaliro zakhala zikuyenda ndi woyambitsa mmodzi ndi ovomera ambiri kuyambira kale. Chimene chinabwera pambuyo pake ndi kugawa oyimba m'magulu anayi, gulu lililonse ndi chuni chake cholembedwa. Kayimbidwe kameneka kanafika ndi amishoni a ku Scotland amene anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, kenako a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa amene anakhazikika ku Mvera mu 1889. M'masukulu a mishoni ana ankaphunzira nyimbo kudzera mu solofa, njira yolembera ndi kuyimba manotsi ndi mayina akuti do, re, mi, imene Sarah Glover wa ku Norwich anaiyambitsa, ndipo m'busa John Curwen anaikonzanso n'kuifalitsa ku England kuyambira mu 1841. Curwen ankaganizira ana a Sande sukulu ndi anthu wamba amene analibe piyano kunyumba, ndipo n'chifukwa chake njirayi ikugwirabe ntchito m'tchalitchi cha kumudzi chopanda magetsi. Miyambo iwiriyi sinachedwe kukumana. Ku Embangweni, mmishoni Donald Fraser ankalimbikitsa mipikisano yopeka nyimbo, ndipo akhristu a kumpoto monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo za chikhristu pa mayimbidwe a kwawo. Woyimba wa lero amafika ku kwaya ali ndi miyambo yonse iwiri m'khutu mwake, ndipo zimenezi zimathandiza pena, pena zimasokoneza, monga tionere pofika pophunzitsa aluto.

Choyamba: mvani mawu a munthu aliyense

Musalole kuti anthu adzisankhire okha gulu. Mukawasiya, amayi ambiri amathamangira ku sopulano chifukwa ndi kumene kuli chuni chodziwika, ndipo abambo amadzazana ku besi chifukwa amaona ngati mawu aakulu ndiwo a mwamuna weniweni, mwakuti aluto ndi tena amatsala ndi anthu awiriawiri. Itanani anthu atatu kapena anayi pa nthawi imodzi, popeza munthu akayimitsidwa yekha amachita manyazi ndipo pakhosi pamamangika. Auzeni ayimbe mzere woyamba wa nyimbo imene onse amaidziwa, kenako muziukweza pang'onopang'ono mpaka mumve pamene mawu ayamba kukakamizidwa. Mukatero tsikani nawo ndi so, fa, mi, re, do, n'kumatsitsa poyambira mpaka mawu atayamba kuzimiririka.

Chimene mukufufuza si noti yapamwamba kwambiri imene munthu angaifike atadzipanikiza, koma dera limene angayimbe motsitsa ndiponso mokweza popanda kutupa mitsempha ya m'khosi. Ngati muli ndi kiyibodi ya pafoni, poyezera pake ndi apa: sopulano wamba amakhala bwino kuyambira pa C ya pakati mpaka F kapena G ya pamwamba, aluto kuyambira pa G ya pansi pa C ya pakati mpaka C kapena D ya pamwamba, tena kuyambira pa C ya pansi mpaka F kapena G yopitirira C ya pakati, ndipo besi kuyambira pa F ya pansi kwambiri mpaka cha pa C ya pakati. Mayi wa mawu ozama angathe kuyimba tena popanda vuto lililonse, ndipo m'makwaya ambiri a kumudzi amenewa ndiwo amapulumutsa gululo. Mnyamata amene mawu ake akusintha muzimuyesa kawirikawiri, chifukwa gulu limene linamuyenera mu Januwale lingathe kumupweteka pofika mu Juni.

Pa anthu 20, kagawidwe kamene ine ndingakonde ndi sopulano 6, aluto 5, tena 4 ndi besi 5. Mawu apamwamba amamveka msanga, choncho sopulano akachuluka kwambiri magulu enawo amakwiririka. Ndipo munthu amene sakugwira chuni musafulumire kumuchotsa. Muyikeni pakati pa oyimba awiri okhazikika, mumupemphe aziyimba motsitsa, ndipo ambiri otere amasintha pakapita miyezi ingapo, chifukwa vuto lawo limakhala lakuti sanazolowere kudzimvetsera.

Chachiwiri: sankhani nyimbo ndi kiyi yake

Nyimbo yoyamba ikhale yaifupi, ya mizere inayi kapena isanu ndi itatu, imene magulu onse amatchula mawu pa nthawi imodzi. Nyimbo zimene gulu lina limalowa linzake litayamba kale zimakoma pa mpikisano, koma zidikire kaye.

Pamwamba pa nyimbo ya solofa pamalembedwa kiyi yake, mwachitsanzo kuti do ndi F kapena do ndi G. Ubwino wa kuyimba popanda zida ndi wakuti mungathe kusuntha do popanda kulembanso chilichonse, koma musanatero yang'anani manotsi awiri: yapamwamba kwambiri ya sopulano ndi yapansi kwambiri ya besi. Nyimbo imene sopulano amafika pa la, ikakhala mu G ndiye kuti akufika pa E, ndipo ikatsitsidwa kupita mu F amangofika pa D, zimene zimapepuka pa mapemphero a m'mawa. Koma mukapitiriza kutsitsa pofuna kusangalatsa sopulano, besi amene ayenera kufika pa do yapansi amangotulutsa mpweya wopanda liwu, ndipo nyimbo yonse imakhala ngati ikulendewera. Kusuntha ndi sitepe imodzi n'kokwanira pa nyimbo zambiri.

Chachitatu: werengani solofa inu eni musanakumane ndi gulu

Mphunzitsi ayenera kutha kuyimba magulu onse anayi payekha, ndipo palibe njira yachidule pamenepa. Zilembo zake ndi d, r, m, f, s, l, t, zoimira do, re, mi, fa, so, la, ti. Kachizindikiro kakang'ono kakakhala pamwamba pa chilembo ndiye kuti notiyo ndi ya m'mwamba, ndipo kakakhala m'munsi ndiye kuti ndi ya pansi, kotero s yokhala ndi kachizindikiro m'munsi ndi so imene ili pansi pa do. Kumbukirani kuti m'kalembedwe ka Curwen mizere ya tena ndi besi imalembedwa okitevi imodzi (mpata wochoka pa do kufika pa do wotsatira) pamwamba pa pomwe imamvekera, pofuna kuchepetsa tizizindikiro timeneti.

Anthu ambiri amadziwa mayina a manotsi koma amagwa pa zizindikiro za nthawi, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Mzere wautali woyimirira umasonyeza kuti kugunda kotsatira ndi kwamphamvu. Madontho awiri, lina pamwamba pa linzake, amasonyeza kugunda kofooka. M'nyimbo ya kugunda kanayi mumakhalanso kamzere kakafupi koyimirira kamene kamatsogolera kugunda kwachitatu, kumene mphamvu yake ndi ya pakatikati. Dontho limodzi limagawa kugunda pakati, kakoma kamagawanso theka limenelo pawiri, kamzere kogona kamatanthauza kuti noti ya m'mbuyo ipitirire, ndipo malo osalembedwa kanthu ndi pokhala chete. Tengani chitsanzo ichi:

| s : m . f | s : – |

Apa so akutenga kugunda kumodzi, mi ndi fa akugawana kugunda kwachiwiri mofanana, ndipo so womaliza akutenga kugunda kuwiri. Koma mukaona dontho ndi kakoma zili pamodzi pakati pa manotsi awiri, monga d .,r, ndiye kuti noti yoyamba ikutenga magawo atatu mwa anayi a kugundako ndipo yachiwiri ikungotenga gawo limodzi. Makwaya ambiri amayimba manotsi awiriwa mofanana, ndipo nyimbo imene inayenera kudumpha imangokwawa.

Lembani mzere pansi pa fe, ta ndi se paliponse pamene mwawapeza. Fe ali theka la sitepe pamwamba pa fa ndipo kawirikawiri amakankhira ku so, ta ali theka la sitepe pansi pa ti, ndipo se ali pakati pa so ndi la m'nyimbo zimene zimakathera pa la. Manotsi amenewa amapezeka kwambiri mu aluto ndi tena, ndipo khutu la woyimba limafuna kuwabwezera ku fa, ti ndi so amene linawazolowera. Chonganinso pamene gulu lina likudumpha sitepe zambiri, ndi pamene mukufuna kuti anthu azipumira.

Chachinayi: tsegulani pulakatisi ndi kukonza khutu

Mphindi 10 zoyamba musayimbe nyimbo. Anthu ayime mapazi atatalikirana pang'ono, mapewa ali omasuka, akoke mpweya kuti mimba ndi nthiti za m'munsi zifufume popanda mapewa kukwera, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kenako ayimbe chamumtima milomo ili yotseka, atsike ndi so, fa, mi, re, do, asanayambe kutsegula pakamwa pa a, e, i, o, u.

Mukatero mangani mgwirizano wa do, mi ndi so. Besi agwire do, tena alowe ndi so, aluto ndi mi, ndipo sopulano amalize ndi do wa m'mwamba, gulu lililonse likudikira kuti linzake likhazikike. Manotsi atatuwa ali ngati mafuwa: limodzi likapendekeka, mphika wonse umapendekeka, ndipo limene limapendekeka kawirikawiri ndi mi. Auzeni agwire mgwirizanowo motsitsa mawu mpaka amve kuti kunjenjemera kwa pakati pa mawu awo kwatha ndipo phokoso layera. Anthu akamva kuyera kumeneko kamodzi, amayamba kukufunafuna okha m'nyimbo. Kuchoka apo asunthireni ku fa, la, do, kenako ku so, ti, re, n'kubwerera kumene anayambira, chifukwa nyimbo zambiri za m'buku la mpingo zimazungulira pa migwirizano itatu imeneyi.

Zizindikiro za manja za Curwen zimathandiza pamenepa, makamaka ngati mapepala ndi ochepa. Do ndi chibakera, mi ndi dzanja lotambasula chikhatho chikuyang'ana pansi, so ndi dzanja lotambasula chikhatho chikuyang'ana kwa mwini wake, ti ndi chala choloza m'mwamba, ndipo fa ndi chala choloza pansi. Ndi manja awiri mungathe kutsogolera magulu awiri pa nthawi imodzi, ndipo maso a oyimba amazolowera kukhala pa inu.

Chachisanu: phunzitsani mzere umodzi, gulu ndi gulu

Yambani ndi kuomba m'manja kugunda kwa mzere woyamba, anthu akutchula mayina a manotsi popanda kuwayimba. Kenako onse, abambo ndi amayi omwe, aphunzire chuni cha sopulano. Ena amaona ngati kumeneku n'kutaya nthawi, koma besi amene akudziwa kumene chuni chikulowera sasokera msanga.

Gulu lachiwiri kuphunzira likhale besi. Ayimbireni kachigawo ka manotsi asanu ndi atatu kapena khumi, iwo abwereze, ndipo musayimbe nawo pamene akubwereza, chifukwa mukamayimba nawo simungamve zolakwa ndipo iwo amangokutsamirani. Akagwira mzerewo, aphatikizeni ndi sopulano nthawi yomweyo. Cholakwa chofala cha besi ndi kusiya mzere wawo n'kuyamba kuyimba chuni cha sopulano ndi mawu a pansi, ndipo chifukwa zimamveka ngati zikugwirizana, mphunzitsi wosatchera khutu sazindikira. Mzere weniweni wa besi umayenda modumpha, kuchoka pa do kupita pa fa, pa so, n'kubwerera pa do, ndipo nthawi zambiri umatsika pamene sopulano akukwera.

Aluto ndi amene amafuna kuleza mtima kwambiri. M'nyimbo zambiri zoyimba pagulu kwathu kuno, mawu achiwiri amatsata woyambitsa, akakwera nawonso amakwera, akatsika nawonso amatsika, atasiya mpata womwewo pakati pawo. Luso limeneli ndi lamtengo wapatali, ndipo ndi limene limachititsa kuti khamu la anthu pasiwa ligawane mawu popanda wowaphunzitsa. Koma m'nyimbo yolembedwa, aluto amatha kukhala pa noti imodzi kanayi kapena kasanu pamene sopulano akuyendayenda, ndipo khutu la woyimba limamuuza kuti atsatire. Mukalola zimenezi, aluto amawombana ndi tena, ndipo mgwirizano umene wopeka nyimbo anaufuna umatayika. Njira yake ndi kuwaphatikiza ndi besi poyamba, osati ndi sopulano, chifukwa besi sawakoka. Akakhazikika, lowetsani sopulano mmodzi yekha woyimba motsitsa, kenako awiri, mpaka gulu lonse. Koma ngati nyimbo imene mukuphunzitsa ndi yopekedwa m'kayimbidwe ka kwathu, ya woyambitsa ndi ovomera, musalimbane ndi khutu lawo. Asiyeni apeze okha mawu awo, inu mungosankha njira imodzi mwa zimene atulutsa kuti onse aziyimba zofanana.

Tena aphunzire pomaliza, ndipo muwaletse kukuwa pa manotsi a m'mwamba, pakuti tena atatu okuwa amatha kukwirira aluto asanu. Kenako yesani magulu awiriawiri m'njira zosiyanasiyana, aluto ndi tena, tena ndi besi, sopulano ndi tena, musanaphatikize onse anayi. Aluto ndi tena akamayimba awiriwiri m'pamene zolakwa zobisika zimaonekera. Magulu amene akudikira asamangokhala, chifukwa amayamba kucheza. Aziyimba mzere wawo chamumtima kapena azitchula manotsi awo mwakachetechete motsata kugunda.

Mzere womaliza muuphunzitse msanga, ngakhale usanafike nthawi yake. Makwaya ambiri amadziwa bwino chiyambi cha nyimbo chifukwa amachibwereza nthawi zonse, koma mathero amawaphunzira atatopa. M'nyimbo zambiri mathero amakhala otere: sopulano atsika kuchoka pa re kupita pa do, aluto akwera kuchoka pa ti wa pansi kupita pa do, tena atsika kuchoka pa fa kupita pa mi, ndipo besi achoka pa so kupita pa do. Imitsani gulu pa mgwirizano woyandikira kumapetowo, ligwire kwa kanthawi, kenako lilowe mu womaliza. Ti wa aluto akhale pafupi kwambiri ndi do, ndipo tena asatsike mopitirira pochoka pa fa.

Pakati pa sabata, mafoni angathandize. Jambulani mzere wa gulu lililonse pang'onopang'ono, mutayamba ndi kupereka do, n'kutumiza pa WhatsApp. Onetsetsani kuti zonse zinayi mwazijambula mu kiyi imodzi ndi liwiro limodzi, apo ayi anthu adzabwera aliyense ndi nyimbo yakeyake.

Chachisanu ndi chimodzi: lowetsani mawu a nyimbo

Solofa ikakhazikika, yimbani nyimbo yonse pa "lu" kapena "no" kamodzi kapena kawiri, kenako anthu awerenge mawu a ndime yoyamba motsata kugunda asanawayimbe. Chichewa chimamuthandiza woyimba chifukwa maphatikizo ake amathera pa lembo la liwu, ndipo malembo a liwuwo ndi asanu okha. Komabe gulu liyenera kugwirizana katchulidwe, chifukwa "e" wotambasula milomo ndi "e" wozungulira akayimbidwa pamodzi amamveka ngati manotsi awiri osiyana, ngakhale onse ali pa noti imodzi. Potchula "Ambuye" pa noti yaitali, anthu akhale pa "a" mpaka nthawi itakwana, ndipo "mb" apite ku phatikizo lotsatira. Akatseka milomo msanga, liwu limafa noti isanathe.

Pali vuto lina limene limachokera ku nyimbo zomasuliridwa. Polankhula timatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, koma machuni ambiri a ku Ulaya amathera pa kugunda kwamphamvu, kotero phatikizo lomaliza, limene polankhula limangodutsa, limagwera pa noti yaitali ndi yolemera. Simungasinthe chuni chimene mpingo wonse unachizolowera, koma mungauze oyimba kuti alemeze pang'ono phatikizo loyenera ndi kufewetsa lomaliza, ndipo omvera amayamba kumva tanthauzo. Popumira pazitsata ganizo la mawu, ndipo pakati pa liwu limodzi pasamapumidwe. Pa mzere wautali, anthu a gulu limodzi azipuma mosinthana, wina apa wina apo, n'kubwereramo mofewa, kuti omvera asamve mpata. Ndime iliyonse muyiyese payokha, chifukwa ndime yachitatu imakhala ndi malo amene maphatikizo awiri apanikizidwa pa noti imodzi, ndipo ndi pamenepo pamene kwaya imabalalika Lamulungu.

Chachisanu ndi chiwiri: limbanani ndi kutsika kwa nyimbo

Ili ndi vuto lenileni la kuyimba popanda zida. Nyimbo imayamba mu G, pofika ndime yachinayi ili mu F, besi akukhulula pansi ndipo nkhope za anthu zagwa. Kuti mudziwe ngati zikuchitika, lizani do pafoni kapena pa kachitoliro koperekera kiyi musanayambe, ndipo mulizenso ndime ikangotha anthu asanasiye noti yomaliza. Aloleni adzimvere okha kusiyanako, popeza mukangowauza ndi pakamwa sakhulupirira.

Zoyambitsa zake n'zodziwika. Potsika, oyimba amaponda sitepe zazikulu kuposa zoyenera, makamaka kuchoka pa do kupita pa ti ndi kuchoka pa fa kupita pa mi, pamene mpata wake ndi theka la sitepe basi. Pokwera amaponda sitepe zoperewera. Noti imene ikubwerezedwa kangapo imatsika pang'ono pa kubwereza kulikonse, ndipo noti yaitali imatsika mpweya ukamatha. Liwiro lochedwa kwambiri limawonjezera zonsezi, chifukwa mizere imatalika kuposa mpweya wa anthu. Ndipo besi akatsika, gulu lonse limawatsatira, popeza makutu a onse amayezera pa mawu a pansi.

Musangofuula kuti "kwezani", chifukwa anthu amamva ngati mukufuna phokoso lambiri ndipo amatsikiratu. Pezani malo enieni pamene kutsikako kukuyambira, poyimitsa nyimbo kumapeto kwa mzere uliwonse ndi kuyerekeza ndi do, ndipo mudzapeza kuti kawirikawiri ndi noti imodzi ya gulu limodzi. Konzani imeneyo. Auzeni kuti potsika aziponda timasitepe tating'ono, ndipo noti yobwerezedwa aziyiganizira ngati ikukwera pang'ono. Yimbani nyimbo yonse motsitsa kwambiri, mutayima mozungulira moyang'anana, ndipo gulu likakhwima musakanize anthu kuti aliyense akhale pakati pa a magulu ena. Woyimba amene sakumva mnzake wa pambali pake ndiye kuti iyeyo akukweza mopitirira. Nthawi zina kukweza kiyi ndi theka la sitepe kumathetsa vutoli, chifukwa manotsi ovuta amachoka pa malo amene mawu a munthu amasinthira kuchoka pachifuwa kupita kumutu. Kutopa nakonso kumatsitsa nyimbo, choncho pulakatisi ya ola limodzi ndi theka, yokhala ndi kupumula pakati, imapindulitsa kuposa ya maola atatu.

Za kusamala mawu, madzi akumwa ndi tulo ndizo zimathandiza. Zimene munthu amameza, kaya ndi dzira laliwisi kaya mandimu, zimadutsa kum'mero wa chakudya ndipo sizikhudza timinofu totulutsa mawu. Utsi wa kukhitchini, fumbi ndi kukuwa ku mpira dzulo lake ndizo zimasasitsa mawu. Amene wasasa mawu apumule osayimba, ndipo zikapitirira masabata atatu apite kuchipatala.

Chomaliza: kuyima ndi kuyamba pamaso pa anthu

Imitsani kwaya mokhota ngati uta kuti a kumapeto azimvana. Kayimidwe kofala ndi sopulano kutsogolo kumanzere kwa wotsogolera, aluto kumanja, abambo kumbuyo, ndipo popanda zida n'kothandiza kuyika besi kumbuyo kwa sopulano kuti mawu a pamwamba ndi a pansi azimangirirana. Oyimba okhazikika akhale pakati ndi kumbuyo, kumene mawu awo amafikira anzawo. Ngati n'kotheka, yeserani kamodzi pa malo enieni amene mukayimbire. M'tchalitchi chachikulu cha njerwa mawu amabwerera, choncho liwiro lichepe pang'ono ndipo katchulidwe kakhale komveka bwino. Panja, monga kumanda kapena pansi pa mtengo, mawu amangopita osabwerera, ndipo anthu amafuna kukuwa. Ayandikizeni pamodzi m'malo mwake. Mvula ikamagunda pa malata, chitaninso chimodzimodzi, ndipo maso onse akhale pa dzanja la wotsogolera.

Kiyi musamaitenge m'mutu, chifukwa mantha amachititsa woyambitsa kukwera kwambiri. Ngati chimene muli nacho chikungopereka A yekha, amene amanjenjemera ka 440 pa sekondi, mungapeze do wa makiyi angapo kuchokera pamenepo: mu F, A ndi mi, choncho tsikani mi, re, do, mu G ndi re, mu D ndi so, mu C ndi la. Perekani do motsitsa, kenako do, mi, so, ndipo gulu lililonse litenge noti yake yoyambira chamumtima kwa masekondi awiri kapena atatu. Zimenezi muziziyeserera pa pulakatisi iliyonse mpaka zizichitika popanda phokoso.

Dzanja lanu likwere kamodzi pa liwiro lenileni la nyimbo, ndipo kukwera kumeneko ndi nthawi imene onse akukokera mpweya limodzi ndi inu. Pa kugunda kanayi dzanja limapita pansi, mkati, kunja, m'mwamba. Pa kutatu limapita pansi, kunja, m'mwamba. Pomaliza, gwirizanani kuti noti yotsiriza itenga kugunda kungati ndipo muidule ndi chizindikiro chimodzi chooneka bwino. Zikachitika kuti gulu lina layamba pa noti yolakwika ndipo mzere woyamba wasokonekera, musaumirire poganiza kuti zikonzekera m'njira, chifukwa popanda chida palibe chimene chingawabweze. Tsitsani dzanja, perekaninso do, dikirani kuti magulu onse anayi atenge manotsi awo, ndipo muyambirenso.